Kodi ndiwapatse amayi melatonin pamene akumwa mankhwala a BP?

Moni nonse a pagulu lino. Ndikulemba kuchokera ku Mufakose kuno ku Harare, ndipo ndikupempha nzeru kwa amene amadziwa za mankhwala kapena amene anamwapo melatonin.

Amayi anga ali ndi zaka 64, ndipo chimwalirireni bambo athu chaka chatha tulo tinawathawa. Amakagona 9 koloko, koma ndikadzuka cha m'ma 2 koloko usiku ndimawapeza atakhala kukhitchini, atafunda chitenje, wailesi ikulira chapansipansi, tiyi atazizira m'kapu. Masana amawodzera ngakhale m'tchalitchi, chinthu chimene sankachita kale, ndipo thupi likutha ndikuona.

Achimwene anga a ku Johannesburg atamva zimenezi anatumiza pa basi botolo la melatonin, mapiritsi othandiza kugona, lolembedwa 10 mg, ndipo akuti ndisaope chifukwa ndi chinthu chimene thupi limapanga lokha. Ndawerenga kuti pamenepo sananame, popeza kachiwalo kena ka mu ubongo kamatulutsa melatonin kunja kukada, ndipo kuwala kumachepetsa katulutsidwe kake. Komabe botololo ndalibisa kuseri kwa mbale m'kabati, chifukwa amayi amamwa mankhwala a BP otchedwa nifedipine tsiku lililonse, ndipo mtima wanga sukundilola kuwonjezera china pamwamba pa mankhwala amenewa popanda wondimasulira. Kodi ziwirizi zimagwirizana, nanga mlingo wa 10 mg sunachuluke kwa munthu wamkulu ngati iwo?

Namwino wina wa ku Highfield:
Achemwali, mwachita bwino kubisa botololo. Pali kafukufuku amene anaonetsa kuti melatonin imatha kukweza BP mwa anthu amene akumwa nifedipine, choncho musawapatse amayi mpaka dokotala amene amawalembera mankhwala a BP atavomereza. Mlingo wa 10 mg ndi waukulu ndithu. Ku Britain, kumene melatonin sigulidwa popanda kalata ya dokotala, anthu a zaka 55 kupita m'tsogolo amapatsidwa 2 mg, ndipo nthawi zambiri saloledwa kupitirira masabata 13. Chinanso n'chakuti zolembedwa pa botolo sizidalirika nthawi zonse, pakuti mu 2017 akatswiri a ku Canada atayeza mabotolo osiyanasiyana anapeza kuti ambiri anali ndi mlingo wosiyana ndi wolembedwawo, ena wochepa kwambiri, ena woposa kanayi. Tengani botololo mukawaonetse ogulitsa mankhwala amene anavomerezedwa ndi MCAZ, bungwe loyang'anira mankhwala kuno ku Zimbabwe. Koma chimene chandikhudza kwambiri ndi chakuti vutoli linayamba ndi maliro, ndipo piritsi silingachotse chisoni. Mukawauze adokotala za imfa ya bambo, kuwonda kwa amayi, ndiponso ngati chakudya akuchikana.

Bambo wina wa ku Mbare:
Ine ndimalondera usiku ku Graniteside ndipo ndinamwapo 3 mg kuti ndizigona masana. Tulo tinkabwera msanga pang'ono, koma ndinkadzuka mutu ukulemera, ndiye ndinasiya n'kuika bulangete lakuda pawindo. Mayi, ndifunseko za tiyi uja, kodi ndi wamasamba wamba? Ngati ndi choncho, iyenso amathamangitsa tulo, ndipo madzulo mungayese kuwaphikira tiyi wa rooibos, amene sathamangitsa tulo.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse awiri. Tiyiyo ndi wamasamba, ndipo amamwa makapu awiri tikatha kudya nsima, monga ankachitira ndi bambo. Kuwaletsa kundivuta, koma ndiyesa kuwasinthira masamba okha, n'kumakhala nawo pa nthawi imeneyo. Lachinayi ndi tsiku lawo la kuchipatala, ndipita nawo ndi botololo m'chikwama, ndipo achimwene ndawauza kale kuti asatumizenso lina.