Nthano yanga ya mapasa akuti mathero akudziwikiratu, ndichotse ziti?

Wofunsa:
Moni nonse abale anga pagulu lino. Ndikulemba nthano yaitali ya zamatsenga, ya achinyamata a zaka 14 mpaka 18. Eninkhani ndi mapasa aakazi, Chikondi ndi Chifundo. Anawalekanitsa tsiku lobadwa chifukwa mlosi ananena kuti mmodzi adzapulumutsa dziko, mnzake adzaliwononga. Wina wakulira kwa mfumu bambo ake, wina kumudzi wa asodzi. Wa kwa mfumu ali ndi mphamvu ya moto, wa kunyanja ya madzi, amamvana maganizo ali kutali, ndipo pakati pa buku amasinthana malo. Ufumuwo ndautengera pa wa Amaravi akale. Amene awerenga mitu isanu yoyamba akuti mathero akuwadziwa kale. Ndichotse ziti, ndisiye ziti? Chonde ndithandizeni mwatsatanetsatane.

Mkonzi wa mabuku:
Achemwali, mwaunjika zinthu zisanu zozolowereka m'buku limodzi. Palibe choipa mwa izo pachokha, koma zikachuluka owerenga saonanso ana awiri, amangoona chikombole. Tengani pepala mulembe chomwe mtsikana aliyense akufuna chosakhudzana ndi mnzake. Wa kunyanja mwina akufuna kuwombola bwato la bambo omulera lomwe linalandidwa pa ngongole. Wa kwa mfumu akufuna kuthawa ukwati womwe amukonzera. Mukapeza kuti mmodzi alibe chofuna china koma kupeza mnzake basi, ameneyo ndiye akuulula mathero, chifukwa owerenga amadziwa kuti wopanda chofuna chake ndi amene amafa kapena kusanduka woipa.

Chomwe ndingachotse lero lomwe ndi kumvana maganizo. Nthano imayenda chifukwa wina sakudziwa chomwe mnzake akudziwa. Akamatha kulankhulana ali kutali, pa vuto lililonse owerenga adzafunsa kuti nanga osangomuchenjeza bwanji. Ngati simungathe kusiyana nako, kuikireni malamulo. Mawu asamadutse, uzidutsa ululu wokha, ndipo woulandira asamadziwe chaubweretsa. Wina akapsa dzanja, mnzake amve kutentha koma asadziwe ngati ndi ngozi ya pophika kapena akumuzunza. Malamulowo aonekere isanathe mitu itatu yoyamba, ndipo musadzawaphwanye pampondachimera pofuna kupulumutsa munthu.

Mainawo asinthenso. Diso la wowerenga limagwira zilembo zoyamba ndi kutalika kwa dzina, ndiye Chikondi ndi Chifundo adzasokonezeka tsamba lililonse. Komanso ana olekanitsidwa pobadwa anatchedwa maina ndi anthu osiyana, angafanane maina bwanji?

Aphunzitsi a Chichewa:
Ine ndigwire pa ulosi ndi ufumu, chifukwa pamenepo pali chuma chomwe simunachikumbe. Mwati mwatengera Amaravi. Kwa Achewa ufumu umatsata kuchikazi, wolowa m'malo nthawi zambiri amakhala mwana wa mlongo wake wa mfumu, osati mwana wa mfumu weniweni. Ndiye mapasa anu akakhala ana a mfumu, palibe chifukwa chachikulu chowaopera. Apangeni ana a mlongo wake wa mfumu. Mfumuyo ikhale malume wawo, ndipo mbumba yonse idziwe kuti mafumu a mtsogolo adzatuluka mwa mmodzi wa atsikanawa. Apo funso lakuti wamkulu ndani limakhala ndi mano.

Funso limeneli ndi lakale kwambiri pa nkhani za mapasa. Pa Genesis 25 Yakobo akubadwa atagwira chidendene cha Esau, ndipo mayi awo anali atauzidwa kale kuti wamkulu adzatumikira wamng'ono. Pa Genesis 38 mzamba akumanga chingwe chofiira pa dzanja la mwana amene watulutsa dzanja poyamba, koma dzanjalo likubwerera, n'kubadwa mnzake uja. Kwa Ayoruba ku Nigeria wobadwa poyamba amatchedwa Taiwo, wachiwiri Kehinde, koma amati wamkulu ndi Kehinde, chifukwa ndiye anatuma mnzake kuti atsogole akalawe dziko. Mukuona kuti kubadwa poyamba ndi ukulu sizifanana paliponse. M'nthano mwanu wodziwa zoona akhale mmodzi, mzamba, ndipo akhale ndi chifukwa chonamira.

Ulosi wakuti wina wabwino wina woipa uli ndi njira ziwiri zokha zothera: kaya uchitike monga unanenedwera, kaya zitembenuke kuti amene ankamuyesa woipa ndiye mpulumutsi. Mwana wa fomu 2 amazidziwa zonse ziwiri. Lembani mawu a ulosiwo enieni, asapitirire mizere iwiri, ndipo asatchule zabwino kapena zoipa. Atchule chochitika, monga kuti mmodzi adzatsegula chomwe mnzake anatseka. Ampangankhani atatu aumasulire mosiyana, aliyense mokomera iye mwini. Za moto ndi madzi ine ndikanazitaya.

Mlembi wa nthano za ana:
Pepani aphunzitsi, pa moto ndi madzi pokhapo sindikuvomera. Achinyamata amakonda mphamvu zoti angathe kuziona m'maganizo. Cholakwika n'chakuti mphamvu iliyonse yagwera malo oiyenera. Zitembenuzeni. Wa kunyanja akhale ndi moto, pamudzi pomwe nyumba ndi zaudzu, maukonde ali pamchenga, usipa uli pathandala. Mphamvu yake ikhale chinthu choti azibisa tsiku lililonse. Njira ina yomwe ndimaikonda kuposa iyi: onse awiri azitunga pa chitsime chimodzi. Wina akagwiritsa ntchito mphamvu, mnzake afooke kwa tsiku lathunthu. Poyamba sakudziwana, aliyense akuyesa kuti akudwala. Akadziwana, kudzipulumutsa kulikonse kukhala kuba kwa mbale wake. Simufunanso mapasa woipa, mkangano wabwera wokha pakati pa anthu awiri abwino.

Ndiponso tisamale ndi nkhani ya mapasa otembereredwa. Madera ena, monga ku Calabar ku Nigeria m'zaka za m'ma 1800, mapasa ankatayidwa chifukwa cha chikhulupiriro chotere. Ngati buku likutha ndi kuonetsa kuti owataya aja ankalondola, mwana wamapasa amene akuwerenga amva chiyani?

Namwino wokonda kuwerenga:
Pa kusinthana malo. Mapasa ofanana amachokera ku dzira limodzi lomwe lagawikana, n'chifukwa chake amakhala onse aakazi kapena onse aamuna. Apo muli bwino. Koma ngakhale iwowo zidindo za zala zawo zimasiyana, ndipo thupi limalemba moyo womwe munthu wakhala. Wokulira kunyanja zaka 16 adzakhala ndi zikhatho zokhakhala, mapewa a wopalasa, mapazi ozolowera mchenga wotentha, zipsera zakezake. Wa kwa mfumu mwina sadziwa kusambira. Mayankhulidwe asiyana, kagwadidwe pamaso pa akulu kasiyana, ngakhale katemedwe ka nsima. Nkhope yokha singanamize munthu amene anamulera.

Choncho chinyengocho musachikoke. Masiku atatu kapena anayi akwana. Tsiku loyamba lomwelo munthu mmodzi azindikire koma akhale chete pa zifukwa zake, ndipo mtsikanayo asadziwe kuti wadziwika. Aliyense abwereko atawononga kanthu m'moyo wa mnzake, mwina walonjeza zomwe mwini wake sakanalonjeza. Kusinthana kongofuna kuti aone mmene mnzake amakhalira n'kutaya masamba.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse, za malume ndazitenga. Buku lili ndi mitu 30, ndimasinthanitsa wofotokoza, mutu uno uyu, wotsatira mnzake. Amakumana pa mutu 15, n'kusinthana pomwepo, n'kudzaonananso pa mutu 29 pomwe mmodzi amafera mnzake. Kodi zimenezi zili bwino?

Mkonzi wa mabuku:
Werengani nokha achemwali: m'mitu 30, ali limodzi m'mitu iwiri yokha. Wogula buku la mapasa akufuna kuwaona ali pamodzi, akukangana, akuchitirana nsanje za amene anadya bwino ndi amene anatayidwa. Akumane pa mutu 8 kapena 9. Kukumanako kusakhale kokumbatirana, chifukwa ndi alendo ovala nkhope imodzi, ndipo wa kunyanja ali ndi chifukwa chomveka chokwiyira. Akhale limodzi mitu inayi kapena isanu asanasinthane, kuti aphunzitsane zoyenera kuchita, n'kubisirananso zina. Zobisikazo ndi zomwe zidzaphulike pa kusinthana.

Kusinthanitsa wofotokoza n'kwabwino, koma musadzimange kuti azilandizana mutu ndi mutu mpaka kumapeto. Kumene kwatentha khalani komweko mitu iwiri. Kuti mudziwe ngati mawu awo akusiyana, phimbani dzina la pamwamba pa mutu, mupatse munthu ndime imodzi. Akalephera kunena wolankhula, muli ndi munthu mmodzi wa maina awiri. Wa kunyanja azifanizira zinthu ndi mphepo, mwera, nyambo ndi mafunde, ziganizo zake zifupizifupi. Wa kwa mfumu aziona kaye amene wakhala pati ndi amene walonjera ndani.

Za imfa ya pa mutu 29, ndi yomwe owerenga anu akuiona kale. Mmodzi akafera mnzake, ngongole yonse yagwera munthu mmodzi, winayo wangolandira. M'nthano za Agiriki, Castor atafa, mbale wake wamapasa Pollux anapempha kugawana naye moyo wake wosafa, n'kumasinthana kukhala kwa akufa ndi kwa milungu, onse awiri n'kutayapo kanthu. Mukatenga ganizo la chitsime chimodzi lija, mathero ake ali pafupi: kuti dziko lipulumuke chitsimecho chiyenera kuuma, ndipo sichingaume pokhapokha onse awiri avomere. Mmodzi avomere msanga, wina akane mpaka mutu 28, ndipo wokanayo akhale amene owerenga akumukonda kwambiri. Bwererani ku mitu isanu yoyamba ija mukabzalemo chifukwa chomwe adzakanire.