Kodi ndigule tcheni buloko kuti nditsitse injini ya Probox pakhomo?

Wa Probox, Nchalo

Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Probox yanga, imene ndimanyamulira anthu ndi katundu pakati pa Nchalo ndi Ngabu, inawira sabata yatha ndikukwera phiri kuchokera pa Thabwa kupita ku Blantyre, ndipo ndisanafike pamwamba injini inayamba kugogoda ngati munthu akusinja mapira mumtondo. Amene anaimvetsera akuti yanoka, ndipo palibe kuchitira mwina koma kuitsitsa kuti tione kirankishafuti ndi mabering'i. Galimotoyo tinachita kuikoka mpaka pakhomo, ndipo sindikufuna kulipiranso wina woikokera kugalaja. Injini yake ndi 1NZ ya malita 1.5. Kodi n'koyenera kuti ndigule tcheni buloko ya tani imodzi, chida cha tcheni chopachika m'mwamba chokwezera katundu wolemera, chimene ku Limbe anandiuza kuti ndi K180,000, kapena pali njira yoitulutsira popanda chida chimenechi? Ndalama zimene ndili nazo zikudikiridwanso ndi masipeyala.

Mlimi wa thonje, Bangula

Achimwene, mwangotchula Limbe mtima wanga wayamba kuwawa. Ine ndinagula tcheni buloko m'sitolo ina kumeneko ndi ndalama ya thonje ya chaka chonse, yofiira bwino, pambali pake atalemba kuti imanyamula matani awiri. Tsiku loyamba kuigwiritsa ntchito tinakoleka injini ya Hilux yanga, tinaikweza mpaka inatuluka m'malo mwake, kenako tinangomva tcheni chikuthamanga chokha, injini n'kutsika ngati chidebe chopita m'chitsime. Inaphwanya redieta, inapinda chitsulo chakutsogolo, ndipo mphwanga amene anali atalowetsa dzanja kuti amasule waya anapulumuka mwa chisomo chokha. Titaitsegula tinapeza kuti kachitsulo kogwira mano kuti katundu asabwerere pansi kanali kofewa ngati chitini cha mkaka. Nditabwerera nayo, mwini sitolo anaiyang'ana uku ndi uku, nati ndinainyamulitsa katundu woposa muyeso. Ndinakwera minibasi kawiri kupita ku Limbe chifukwa cha nkhani imeneyi, ndipo ndalama yoyendera yokha ikanandigulira mbuzi.

Wa Probox, Nchalo

Pepani kwambiri, bambo, ndipo tithokoze Mulungu kuti dzanja la mnyamatayo linapulumuka. Koma kodi mukundilangiza kuti ndisagule n'komwe, kapena kuti ndisagule yotchipa?

Mlimi wa thonje, Bangula

Sinali yotchipa, achimwene, ndinalipira K95,000. Mpaka lero ili m'khola, ndimamangirira ng'ombe yovuta.

Wa maminibasi atatu, Nsanje Boma

K95,000 ndiye mukuti sinali yotchipa? Mtengo umenewo ndi wa kale, kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ngakhale nthawi imeneyo chinthu chenicheni cha matani awiri sichikanapezeka pa ndalama yotere. Ine zamatchenizi ndinasiya kalekale. Ndili ndi kireni ya hayidiroliki, ya matayala ake, imene inabwera pa basi kuchokera ku Johannesburg, ndipo mnyamata mmodzi yekha amapopa ndi dzanja limodzi uku akumwa thobwa, injini n'kumakwera yokha ngati ikupita kumwamba. Mtengo wake sinditchula kuopa kukhumudwitsa anthu, koma munthu amene ali ndi galimoto zoposa imodzi sayenera kumapachika injini mumtengo ngati nyama ya mbuzi ya pa Khirisimasi. Gulani kireni, achimwene, mudzandithokoza.

Mphunzitsi wopuma, Ngabu

Bwana a maminibasi, munthu wanena kuti ndalama n'zochepa, inu mukumutumiza ku Johannesburg. Mwanawe wa ku Nchalo, tamvera ine. Injini ya Probox ndi ya aluminiyamu, ndipo ukachotsa giyabokosi, alitaneta, sitata ndi mafuta, kulemera kwake sikupitirira matumba awiri a chimanga a makilogalamu 50. Kodi matumba awiri a chimanga anayamba liti kufuna chida cha K180,000? Ife tinatsitsa ya Corolla ya mkamwini wanga ndi mtanda umodzi wa bulugama, chingwe chokhuthala cha ngolo ndi anyamata asanu ndi mmodzi, atatu mbali iyi, atatu mbali inayo, mtanda uli pamapewa monga amanyamulira nguluwe kuchokera kutchire. Wachisanu ndi chiwiri anakankhira galimoto kumbuyo, injini n'kutsala m'malere, tinaikhazika pa tayala lakale. Malipiro awo anali nsima ya mapira ndi mlamba wowamba. Mutu umodzi susenza denga, koma isanu ndi umodzi imasenza injini.

Makaniko wa pa Dyeratu

Aphunzitsi, ndimakulemekezani, koma mwangosimba za kutulutsa, za kubwezera mwazidumpha. Potulutsa, injini imangofuna mphamvu. Pobwezera imafuna kutsika pang'onopang'ono, chala chimodzi, chala china, ikupendekeka kuti ikumane ndi giyabokosi ndiponso kuti maboti a mamawunting'i, pamene injini imakhazikika, alowe m'mabowo awo, ndipo ntchito imeneyi ikhoza kutenga theka la ola injini ili lende. Anyamata asanu ndi mmodzi sangaime theka la ola mtanda uli paphewa pa dzuwa la kuno kuchigwa, pamene mu Okutobala sipanala yosiyidwa pabwalo imaotcha dzanja. Mmodzi akangoti asinthe phewa, kulemera konse kumathamangira kwa mnzake, ndipo amene walowetsa zala pakati pa injini ndi giyabokosi ndiye amalipira. Ubwino wa tcheni buloko si mphamvu ayi, koma kuti ukasiya kukoka, katundu amaima pomwepo osasuntha.

Kwa bwana a ku Nsanje ndili ndi mawu awiri. Kireni yolembedwa matani awiri imanyamula matani awiriwo mkono wake ukakhala waufupi, koma mukautulutsa mpaka bowo lomaliza kuti ufike pakati pa injini, imatsala ndi makilogalamu 500 okha, ndipo manambalawa analembedwa pamkono pomwepo. Kwa Probox n'zokwanira, sindikutsutsa. Vuto ndi timatayala take tachitsulo timene tinapangidwira simenti. Pabwalo la mchenga ngati mabwalo athu ambiri, makamaka kumene madzi a Freddy anasiya mchenga mu Malichi 2023, timatayalato timazika mukangoikoleka katundu, ndipo mukaikakamiza kuyenda imapendama pamodzi ndi injiniyo.

Wa maminibasi atatu, Nsanje Boma

Kwanga kuli simenti kuyambira pageti mpaka kukhonde. Vuto la mchenga ndi la amene ali ndi mchenga.

Makaniko wa pa Dyeratu

Zikomo bwana, koma wofunsayu sanatiuze kuti Probox yake ili pakhomo panu. Ndiponso mutiuze mmene kireniyo imalowera mu Hiace, poti injini yake imakhala pansi pa mipando, osati pansi pa boneti.

Mayi wa golosale, Miseu Folo

Ine sindine makaniko, koma ndalama ndimaidziwa. Achimwene a ku Nchalo, injiniyo mudzaitsitsa kangati pa moyo wanu? Ngati Mulungu akukomerani mtima, n'kamodzi kokha aka. Ndiye mugulirenji chinthu choti chikagwira ntchito masiku awiri chizikapachikidwa kudenga, kumadyedwa ndi dzimbiri? Ife Sienta yathu itavuta tinabwereka tcheni buloko kwa munthu wina wowotcherera zitsulo pa K10,000 pa tsiku, tinasiya chikole cha foni, ntchito itatha tinabweza. Komanso ndikufunseni: mwawerengera bwino mtengo wokonza injini yonokayo? Ife tinagula mabering'i, maring'i ndi magasiketi, tinatumiza kirankishafuti ku Blantyre kuti akaipale, ndipo patangopita miyezi inayi inayambanso kufuka utsi. Pomaliza tinagula injini yakale yochokera ku Japan, imene tikanayamba nayo tikanapulumutsa ndalama zambiri.

Mlimi wa thonje, Bangula

Injini za ku Japan zimenezo musandiyambitse, mayi, chifukwa nazonso ndili nayo nkhani. Amaitsuka ndi petulo kunja kuti iwale, m'kati muli matope.

Mnyamata wa kabaza, Ngabu

K10,000 pa tsiku ndi ya kwanu ku Miseu Folo, amayi. Kuno amatchaja K25,000, ndipo mwini wake amabwera nayo yekha n'kukhala pampando tsiku lonse akuilondera, nkhomaliro n'kudya pakhomo panu.

Mphunzitsi wopuma, Ngabu

A Makaniko anena zoona pa nkhani yobwezera, ndavomera, pakuti tsiku limenelo mkamwini wanga anatukwana mawu amene sindinkadziwa kuti amawadziwa. Komabe ngakhale mutagula tcheni bulokoyo, mudzaikoleka pati? Apa m'pamene anthu amapusira. Ambiri amathamangira mtengo wa nimu chifukwa ndi umene uli pakhomo paliponse kuno, osayang'ana ngati nthambiyo ili ndi mphako kapena chiswe chinalowamo. Ine ndikanasankha bwemba, ndipo ndikanakoleka pafupi ndi thunthu, osati kunsonga. Mtanda wa denga la khonde musauyese n'komwe, mungagwetse nyumba chifukwa cha Probox. Ngati mtengo palibe, mangani mapolo atatu aatali pamwamba, miyendo itatambasuka ngati mafuwa, ndipo mwendo uliwonse muukumbire kadzenje kuti usatsetsereke. Mapolo amenewo nawonso ndi ndalama, muwaonjezere pa K180,000 yanu ija.

Makaniko wa pa Dyeratu

Achimwene a ku Nchalo, musanagule kapena kubwereka kalikonse, mundiuze ngati galimotoyo ndi ya otomatiki kapena ya manyuwale. Ngati ndi ya otomatiki, muyambe mwamasula maboti olumikiza toki konveta (chitsulo chobulungira chodzaza mafuta chimene chimapititsa mphamvu ya injini ku giyabokosi) ku fulayiwilo ya kumbuyo kwa injini, kuti konvetayo itsalire m'giyabokosi, chifukwa ikatuluka pamodzi ndi injini mafuta amakhuthukira pansi ndipo silo yotsekera mafutawo imaonongeka. Chotsani batire poyamba penipeni, khuthulani oyilo ndi madzi, ndipo pulagi iliyonse ya mawaya muimate kapepala kolembapo dzina kapena muijambule pa foni, pakuti pakapita masabata atatu mukudikira masipeyala simudzakumbuka kuti iyi inali ya pati. Pali kawaya ka ethi kochokera ku injini kupita ku bodi kamene aliyense amakaiwala, ndipo amakazindikira injini itakwera kale, kakukoka. Giyabokosi muichirikize ndi jeke ndi thabwa. Dziwaninso kuti injini za galimoto zokokera kutsogolo ngati imeneyi zimakhala chopingasa, malo ndi ochepa, ndipo ambiri a ife timaona chapafupi kuitsitsira pansi pamodzi ndi giyabokosi, kenako n'kukweza kutsogolo kwa galimoto kuti tiikokere kunja. Mukasankha njira imeneyo, galimoto ikhale pa zitsa zolimba za mtengo, osati pa njerwa kapena mabuloko a simenti, chifukwa amenewo amaphwanyika osachenjeza.

Za kugula, ine yanga ya tani imodzi ndinagula yogwiritsidwa kale ntchito, ndakhala nayo zaka zambiri, ndipo yatsitsa ngakhale injini za dizilo za 3L ndi 5L zolemera kuposa makilogalamu 200. Koma ine ndimadyera momwemo. Poyesa yatsopano, kolekani katundu wolemera, mumukweze pang'ono chabe kuchoka pansi, mumusiye kwa kanthawi muone ngati akutsika yekha, ndipo muyang'ane ngowe ngati ili ndi kotsekera kake.

Mlimi wa thonje, Bangula

Kuyesa kumeneko mukanandiuza kale, a Makaniko, bwenzi redieta yanga ilipo. M'sitolo muja sanandilole n'komwe kuitulutsa m'katoni.

Wa maminibasi atatu, Nsanje Boma

Ngati mwavutika kwambiri, achimwene, ndikhoza kukubwerekani kireni yanga, koma mubwere ndi galimoto yodzainyamulira ndipo mudzaibweze yotsuka. Pakali pano ikudontha mafuta pang'ono pa jeke wake, ndikudikira silo kuchokera ku Johannesburg.

Mnyamata wa kabaza, Ngabu

Ndiye kuti nayonso kireni ya bwana ikufunika tcheni buloko yoinyamulira.

Wa Probox, Nchalo

Zikomo nonse, akuluakulu. A Makaniko, galimotoyo ndi ya otomatiki, ndipo za toki konveta sindinkazidziwa, ndalemba. Pakhomo panga pali nimu ndi masau basi, bwemba ali kwa aneba amene sitinayankhulane kuyambira pamene mbuzi zawo zinadya mbewu zanga za kudimba. Ndaimbiranso ku Limbe masana ano, ndipo munthu yemwe uja tsopano akuti K210,000, ati ya K180,000 inatha dzulo. Mayi a ku Miseu Folo, kodi wowotcherera zitsulo uja akadali nayo yake, ndipo angalole kuti ifike ku Nchalo?

Mayi wa golosale, Miseu Folo

Ndamufunsa, akuti anaibwereketsa kwa munthu wa ku East Bank mwezi wathawu ndipo sinabwerebe, foni ya chikole nayonso ndi yakufa.

Mlimi wa thonje, Bangula

Yanga ija ndikhoza kukugulitsani pa K60,000, achimwene, tcheni chake n'chabwinobwino, chimangofuna kachitsulo kaja basi.