Foni yafooka patangotha masabata awiri, shopu ikuti katundu wogulidwa sabwezedwa. Lamulo likuti bwanji?

Nangondo_LL:

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu odziwa za ufulu wa ogula komanso inu okonza mafoni. Mng'ono wanga anagula foni ya tachi m'shopu ina m'tauni, atauzidwa kuti ndi yatsopano, ya m'bokosi. Patangotha masabata awiri yayamba kuzima yokha, ndipo ikakhala pa chaja ikutentha kumbuyo moti munthu sungayigwire nthawi yaitali. Sinagwe pansi, sinanyowe. Mwini shopu akungoloza chikwangwani cha pakhoma choti katundu wogulidwa sabwezedwa, akuti apite nayo kwa wokonza akalipire yekha. Lisiti lilipo koma ndi lolemba pamanja, pangolembedwa kuti foni ndi mtengo wake basi. Kodi chikwangwani chimenechi chili ndi mphamvu pa lamulo? Tiyambire pati? Nanga kutsogoloku munthu aziona chiyani asanatulutse ndalama?

Bambo Mbewe:

Achemwali, chikwangwani chimenecho sichichotsa ufulu wa wogula pamene katunduyo ali ndi vuto. Lamulo loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda limaletsa wamalonda kudzichotsera udindo pa katundu woonongeka amene wagulitsa, ndipo bungwe la CFTC, lomwe ndi la boma loyang'anira lamuloli, lakhala likuchenjeza eni mashopu za zikwangwani zoterezi. Palinso lamulo loteteza ogula la 2003, komanso lamulo lakale la kagulitsidwe ka katundu, la Sale of Goods Act, limene limati katundu wogulitsidwa ndi wamalonda ayenera kukhala wogwira ntchito yake ndi wofanana ndi mmene anamufotokozera. Ngati anati ndi yatsopano koma ndi yokonzedwanso, pamenepo pali mlandu wachiwiri, wonamiza wogula.

Koma tisiyanitse zinthu. Munthu akagula foni yabwinobwino, mawa n'kuona kuti mtundu wake sukumusangalatsa kapena wapeza yotchipa kwina, shopu ili ndi ufulu wokana. Apo chikwangwani chimagwira ntchito. Nkhani ya mng'ono wanu ndi ina, foni ili ndi vuto lomwe sanalichititse yekha.

Chimene chinasintha ndi mphamvu za CFTC. Mu 2023 khoti lalikulu linagamula kuti lamulo la 1998 silinkalola bungweli kulipitsa chindapusa palokha. Lamulo latsopano la 2024 linatseka mpata umenewo: tsopano bungweli likhoza kulamula kuti wogula abwezeredwe ndalama, ndiponso kulipitsa kampani chindapusa chofika 10 peresenti ya ndalama zonse zimene yapeza pa malonda m'chaka. Eni mashopu ambiri akudziwa zimenezi, n'chifukwa chake kalata yolembedwa bwino imawasuntha kuposa kukalipa pa kauntala.

Pofooka pa nkhani yanu ndi lisitilo. Popanda IMEI, nambala yapadera yozindikiritsa foni iliyonse, mwini shopu akhoza kunena kuti foni imene mwabweretsayo si imene anakugulitsani. Sungani bokosi, chifukwa pa bokosi pali IMEI ndipo nthawi zina pamakhala kapepala ka mtengo ka shopuyo. Ngati analipira kudzera pa Airtel Money, Mpamba kapena kubanki, uthenga wotsimikiza uja usafufutidwe, uli ndi tsiku, ola ndi dzina la wolandira. Mauthenga a pa WhatsApp amene anakambirana za mtengo nawonso ndi umboni, ajambuleni.

Mkonzi_Limbe:

Choyamba, musapite nayo kwa wokonza aliyense panopa, ngakhale kwa ife amene. Foni ikangotsegulidwa, zomata za m'kati zimaduka ndipo guluu wa chivundikiro amaonetsa kuti pagwira munthu. Mukatero mwamupatsa mwini shopu podzikanira, adzati ndinu mwaiononga, ndipo waranti ya kampani imathera pomwepo. Musaifulashenso, kutanthauza kufufuta pulogalamu yoyendetsa foni n'kuikamo ina.

Chachiwiri, siyani kuitchaja. Kutentha pa chaja pamodzi ndi kuzima yokha kumachokera malo atatu kawirikawiri: batire yotha kapena yachinyengo, chaja yosayenera, kapena shoti pa bodi pafupi ndi ka IC koyendetsa moto. Igonekeni pa tebulo losalala muone ngati ikugwedera, kapena ngati sikirini yayamba kutukuka m'mbali. Zikatero batire yatupa, ndipo imeneyo ikhoza kuyaka. Musaiboole, musaiike pansi pa pilo. Ngati sinatupe, yesani kamodzi kokha ndi chaja ina yodziwika kuti ndi yabwino. Ikasiya kutentha, vuto ndi chaja ya m'bokosi, ndipo zimenezo zikuonetsanso kuti mwina bokosilo linapakidwa kachiwiri.

Pali zinthu zomwe mungaone osatsegula. Imbani *#06#, pabwera IMEI ya manambala 15, ndipo foni ya masimu awiri ili ndi ma IMEI awiri. Yerekezani ndi ya pa bokosi ndi ya mu Settings pa About phone. Zonse zifanane, nambala ndi nambala. Manambala 8 oyambirira ndi amene amatchula mtundu wa foni, ndiye mukailemba pa masamba ofufuzira IMEI a pa intaneti n'kukuuzani mtundu wina, dziwani kuti bodi inasinthidwa kapena foniyo ndi yachinyengo. Tulutsani kathireyi ka simu muwalitse tochi m'kabowomo. Mafoni ambiri ali ndi kapepala koyera kamene kamasanduka kofiira kakakhudzidwa ndi madzi. Kajambuleni kakadali koyera, chifukwa mawu oyamba amene mudzamve ku shopu ndi akuti munainyowetsa.

Pa funso la kutsogolo. Musalipire foni isanayatsidwe pamaso panu, ndipo mupatseni wogulitsa mphindi 15, asakuthamangitseni. Ikani simu yanu, imbani, mumve ngati mawu akumveka mbali zonse. Yesani simu ya TNM ndi ya Airtel m'mabowo onse awiri, muone ngati 4G ikubwera, chifukwa mafoni ena ochokera ku Britain kapena America amakhala okhomedwa pa netiweki ya kwawo. Pa Samsung zambiri, *#0*# imatsegula poyesera sikirini, tachi, masipika ndi masensa. Pa mitundu ina, gwirani chizindikiro cha pulogalamu imodzi mukokere ngodya zonse za sikirini, pamene chakupulumukani ndiye pamene tachi inafa. Pa iPhone onani Battery Health, yatsopano ikhale pa 100, ndipo ikatsika pansi pa 80 batire yatha. Onaninso chilembo choyamba cha Model Number: M ndi yatsopano, F ndi yokonzedwanso ndi kampani, N ndi yoperekedwa m'malo mwa ina.

Chinyengo chimene chafala kwambiri ndi cha malo osungira zinthu. Foni imalemba 128GB kapena 256GB pamene m'kati muli 16GB, chifukwa anangosintha zolemba mu pulogalamu. Imayenda bwino sabata yoyamba, kenako zithunzi zimayamba kusatseguka. Njira yodalirika ndi kukoperamo mavidiyo opitirira 20GB kuchokera pa kompyuta tsiku lomwelo n'kuwatsegula onse, makamaka omalizira.

Che Jafali:

Ndiyankhule ngati wa mbali ya ogulitsa, poti nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri. Si aliyense wolemba chikwangwani chija ali wakuba. Makasitomala ena amabweza foni atasintha batire n'kuikamo yakale, ena yapsa chifukwa anaisiya pa chaja magetsi atazima n'kubwera mwamphamvu. Zoterezo waranti siikhudza, ndipo wogulitsa wamng'ono sangazisenze. Ndiye musadabwe akafuna kuiona kaye.

Koma pa foni yatsopano yeniyeni, wogulitsa sataya kanthu akailandira, chifukwa ili ndi waranti ya kampani, kawirikawiri ya miyezi 12. Tecno, Itel ndi Infinix zimakonzedwa ndi Carlcare, Samsung ili ndi okonza ake ovomerezeka, ndipo onsewa amaona waranti pogwiritsa ntchito IMEI. Wogulitsa amene anaoda kwa ma dila ovomerezeka amangoitumiza kumeneko. Amene akukanitsitsa kuilandira n'kumati mukakonzetse nokha, kawirikawiri amadziwa kuti katundu wake ndi wa kaunjika wopukutidwa, wochokera ku Dubai kapena ku China, wovekedwa sikirini ndi chivundikiro chatsopano n'kukutidwa pulasitiki. Kugulitsa foni yotere si mlandu, bola unene kuti ndi yokonzedwanso ndipo mtengo wake ugwirizane nazo. Mlandu ndi kuitchula yatsopano.

Langizo langa: pitani m'mawa shopu isanadzaze, funsani mwini wake osati mnyamata wa pa kauntala, ndipo mukhale ndi mboni imodzi. Akavomera kuisunga kuti aione, asakulandeni chimanjamanja. Alembe pa pepala tsiku, mtundu, IMEI, mmene ikuonekera kunja ndi tsiku lodzaitenga, asaine ndi kudinda chidindo.

Nangondo_LL:

Zikomo kwambiri nonse. Taimba *#06# ndipo IMEI ya m'foni yasiyana ndi ya pa bokosi. Kapepala ka madzi kakadali koyera, tajambula. Analipira pa foni ndipo uthenga ulipo. Bambo Mbewe, kalatayo tilembe zotani, ndipo tipemphe kuti akonze kapena atibwezere ndalama?

Bambo Mbewe:

IMEI ikasiyana ndi ya pa bokosi, musavomere zokonza. Pemphani ndalama zonse, kapena foni ina yatsopano yotsegulidwa pamaso panu, chifukwa chimene anagulitsa si chimene analonjeza. Mukavomera kuti akonze, mwakhala ngati mwailandira foniyo mmene ilili, ndipo ikadzafookanso mudzavutika kubwerera pa nkhani ya ndalama.

Kalata ikhale ya tsamba limodzi. Lembani dzina la wogula, tsiku logula, mtengo, mtundu wa foni, ma IMEI onse awiri, wa m'foni ndi wa pa bokosi, mawu amene wogulitsa ananena oti ndi yatsopano, tsiku limene vuto linayamba ndi tsiku limene munakadandaula koyamba. Kenako nenani chimene mukufuna ndi tsiku lomalizira, masiku 7 ndi okwanira. Tsekani ndi mawu oti likadutsa tsikulo mukadandaula ku CFTC. Musaikemo zotukwana kapena zoopseza kuti muwayalutsa pa Facebook, zimenezo zimangokutembenukirani. Pangani makope awiri, asaine pa yanu kuti alandira. Akakana kusaina, mboni yanu ilembe tsiku ndi ola, ndipo mutumizenso chithunzi cha kalatayo pa WhatsApp ya shopu.

Ku CFTC kudandaula n'kwaulere ndipo simufunika loya. Likulu lawo lili ku Lilongwe, koma amalandiranso madandaulo pa kalata ndi pa imelo. Tumizani makope okhaokha, lisiti lenileni ndi bokosi zikhale ndi inu. Iwo amalembera wamalondayo kuti ayankhe, ndipo nkhani zing'onozing'ono zambiri zimathera pamenepo. Zikafika pa kafukufuku wathunthu zimatenga nthawi, ndiye muzifunsa nambala ya dandaulo lanu ndi dzina la ofesala amene akuliyendetsa. Bungwe loimira ogula la CAMA ku Blantyre limathandiza ndi uphungu ndi kukankha nkhani, ngakhale lilibe mphamvu yolamula shopu. Zonse zikakanika, khoti la majisitireti limamva milandu ya ndalama zochepa ngati imeneyi. Ku MACRA musataye nthawi pa nkhani yobweza ndalama, kumeneko n'kwa madandaulo a netiweki, mabandulo ndi mayunitsi.

Mkonzi_Limbe:

Ndionjezere chimodzi poti IMEI yasiyana. Mwina angoiika m'bokosi la foni ina, koma zikhozanso kutheka kuti foniyo inali ndi mwini wake. Musaigulitse kwa wina kuti mupezeko kangachepe. Ikadzapezeka kuti ndi yobedwa, apolisi amatsata simu imene ili m'fonimo, ndipo kupezeka ndi katundu wobedwa ndi mlandu. Lisiti ndi uthenga wolipira uja ndi zimene zidzamuteteze mng'ono wanu.

Ikayaka, lowani mu Settings, pa Security, muone pa Device admin apps. Mukapezamo pulogalamu imene simukuidziwa ndipo ikukana kuchotsedwa, ikhoza kukhala foni ya ngongole, ya zolipira pang'onopang'ono zija. Ena amaitenga pa ngongole, n'kuigulitsa, n'kusiya kulipira, ndipo kampani imaikhoma ili m'manja mwa wogula wachiwiri. Kufulasha sikuchotsa loko yotere, imabwereranso foni ikangolumikizidwa pa intaneti. Pogula foni yogwiritsidwapo kale ntchito, uzani wogulitsa achotse akaunti yake ya Google kapena iCloud, apange factory reset, kufufuta zonse za m'foni, inu mukuona, kenako mulowetse akaunti yanu muli pomwepo. Ikafunsa imelo ya mwini wakale, ibwezeni musanalipire.

Musanaipereke ku shopu, koperani zithunzi ndi manambala, tulutsani simu ndi memole khadi, tulukani mu WhatsApp ndi m'mapulogalamu a banki, koma reset musapange mpaka atavomera polemba kuti akubwezerani ndalama, chifukwa akhoza kunena kuti mwafufuta umboni wa chimene chinaiononga.