Kusamutsa mafilimu a pa DVD ndi Blu-ray: fayilo ingachepe bwanji popanda kuwononga chithunzi?

Funso:
Moni nonse. Ndili ndi zimbale za DVD ndi za Blu-ray zimene ndinagula ndekha, ndipo ndikufuna kuzisamutsira pa kompyuta zisanakandike. Ndikakopera ndi pulogalamu ya MakeMKV chithunzi chimatuluka monga momwe chilili pa chimbale, koma filimu imodzi ya Blu-ray imadya malo oposa 20 GB. Ndikaichepetsa ndi pulogalamu ya HandBrake kufika pa 1 GB, pamalo amdima pamaoneka timabokosi ndipo nkhope za anthu zimachita mbuu. Kodi ndilekezere pati?

Yankho loyamba:
Musamauze pulogalamuyo kukula kwa fayilo imene mukufuna, koma muziiuza mmene chithunzi chiyenera kuonekera, kukulako ipeze yokha. Mu HandBrake sankhani Constant Quality, kenako ikani nambala ya RF, yomwe imauza pulogalamuyo mmene chithunzi chiyenera kuonekera. Eni pulogalamuyi amalangiza 18 mpaka 22 pa DVD, ndi 20 mpaka 24 pa Blu-ray ya 1080p. Nambala ikamatsika chithunzi chimaoneka bwino koma fayilo imakula, ndipo mu x264 (chida cha mu HandBrake chopanikizira kanema m'njira ya H.264) kuwonjezera 6 kumachepetsa fayilo pafupifupi ndi theka. Mafilimu safanana: katuni, yomwe mitundu yake ndi yosalala, imachepa kwambiri, pamene filimu yakale yodzaza ndi timadontho tonga mchenga imafuna malo ambiri kuti timadonthoto tisasanduke zigamba. Musanayambe chimbale chonse, yesani chigawo chimodzi chokhala ndi usiku, utsi kapena mvula, ndipo muchionere pa TV imene mumaonerapo masiku onse, osati pa foni.

Yankho lachiwiri:
Ndikuvomereza, koma musaiwale mawu. Pa Blu-ray, mawu osungidwa m'njira ya Dolby TrueHD kapena DTS-HD Master Audio paokha amatha kutenga ma GB angapo. Ngati mulibe masipika ozungulira chipinda, AAC (njira yopanikizira mawu) ya masipika awiri ndi yokwanira, ndipo zilankhulo zimene simuzimva muzichotse. Pa kanemayo, njira yopanikizira ya H.265 imachepetsa fayilo kuposa H.264, komabe imachedwa popanikiza ndipo ma TV ena akale saiwerenga.

Yankho lachitatu:
Pa DVD ine ndimaona mosiyana pang'ono. Chimbale cha DVD chimanyamula 4.7 GB kapena 8.5 GB basi, ndipo kanemayo anapanikizidwa kale ndi MPEG-2, choncho mukamupanikizanso mumataya zina pa zochepa zimene zinatsala, ndipo zotayikazo sizibwereranso. Mafilimu amene mumawakonda kwambiri asungeni monga atulukira mu MakeMKV. Enawo achepetseni, koma musawakulitse kufika pa 1080p, chifukwa chithunzi cha DVD chili ndi mapikiselo 720x576 kapena 720x480 okha ndipo kukulitsa kumangonenepetsa fayilo popanda kuwonjezera kalikonse m'chithunzi. Mukaona timizere topingasa m'mbali mwa munthu amene akuyenda, yatsani Decomb mu HandBrake kuti ichotse timizereto.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse. Ndiyamba ndi RF 21 pa chigawo cha usiku, ndipo ndiyesa kaye ngati TV yanga ikuwerenga H.265.