Kodi kukwera phiri la Dedza kungathandize gulu la anthu amene akusiya mowa?

Wotsogolera gulu, Dedza boma

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za umoyo ndi za nkhalango. Pa mpingo wathu pali gulu la abambo ndi achinyamata amene akuyesetsa kusiya kachasu, ndipo ena mwa iwo akulimbananso ndi chamba. Timakumana Lachitatu madzulo, koma tsiku lovuta ndi Loweruka, pamene anzawo akale amawaitanira kokamwa. Ena apereka maganizo akuti mu Juni tidzakwere phiri la Dedza, tikagone usiku umodzi m'matenti, n'kutsika m'mawa mwake. Kodi zimenezi n'zothandizadi, ndipo tisamale chiyani?

Namwino wopuma pa ntchito, Linthipe

Bambo, maganizowa ndi abwino, koma musanafunse za matenti, mufunse kaye kuti aliyense anamwa komaliza liti. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku akasiya mwadzidzidzi, amayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta pakangotha maola 6 mpaka 24. Ena amagwa n'kumaphupha ngati odwala khunyu m'masiku awiri oyambirira, ndipo pofika tsiku lachitatu kapena lachinayi ena amasokonezeka mutu, n'kumaona zinthu zimene palibe, mtima ukugunda mothamanga. Vuto limeneli limapha ngati munthu sanafike msanga kuchipatala, ndipo kutsitsa wodwala m'phiri usiku si ntchito yamasewera. Choncho amene wangosiya kumene asapite nawo. Ayambe waonana ndi achipatala, ndipo ngati pakufunika thandizo lapadera, a chipatala cha St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu amathandiza anthu amene akusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo.

China ndi kuzizira. Phirili ndi lalitali mamita pafupifupi 2,200, ndipo inu a ku Dedza mukudziwa m'mene Juni ndi Julayi amalumira ngakhale m'tauni momwemo. Padzapezeka wina wonena kuti kapu imodzi imatenthetsa thupi. Limenelo ndi bodza, chifukwa mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu n'kumamva kufunda pamene kutentha kwa thupi kukutayika. Tengani majuzi, mabulangete ndi tiyi wokwanira, ndipo amene amamwa mankhwala a BP, a shuga kapena ma ARV asawasiye kunyumba.

Mmodzi mwa amene anasiya, Bembeke

Zimene anena mayiwa ndikugwirizana nazo. Ine ndinayendapo maulendo otere ndi anzanga, ndipo chimene chinandithandiza sikunali kukongola kwa malo ayi, koma kupatsidwa ntchito. Chidakwa chimazolowera kuti palibe amene amachidalira, ndiye mukamuuza munthu wotere kuti madzi a gulu lonse ali m'manja mwake, kapena kuti nsima ya madzulo aphika ndi iye, mumam'bwezera ulemu umene anautaya kalekale. Komanso chibaba chikamugwira ali kutali ndi shabini, amadzionera yekha kuti chimakwera, n'kufika pachimake, kenako n'kuzilala popanda kumwa kanthu. Phunziro limeneli n'lovuta kulipeza pamudzi, pamene kachasu ali kuseri kwa nyumba.

Koma ndikuchenjezeni, bambo, kuti tsiku loopsa ndi lotsika. Munthu amakhala atatopa, akudzimva kuti wapambana, ndipo mtima umamunong'oneza kuti ayenera kudzithokoza ndi botolo limodzi. Musabalalike mukangofika m'tauni. Dyerani limodzi, aliyense aperekezedwe mpaka pakhomo, ndipo Lachitatu lotsatira pasapezeke wojomba. Gulu la anthu othandizana kusiya mowa lotchedwa Alcoholics Anonymous, limene linayamba mu 1935 ku America, lakhalitsa chifukwa cha misonkhano yosadukiza, ndipo ulendo wa kuphiri sungalowe m'malo mwa misonkhano yanuyo.

Mugwirizanenso musananyamuke kuti zikwama zonse, ngakhale cha mtsogoleri, zidzatsegulidwa pamaso pa onse, ndiponso kuti zimene munthu waulula pamoto sizikamveka kumudzi.

Wogwira ntchito za nkhalango, Chongoni

Phiri la Dedza lili m'nkhalango yotetezedwa, choncho kaonaneni kaye ndi a ofesi ya zankhalango paboma, amene angakuuzeni ngati n'kololedwa kugonako ndi kusonkha moto. Mwasankha bwino Juni, chifukwa kuyambira Ogasiti udzu umakhala utauma ndipo moto umodzi wosazimitsidwa umatha mitengo ya paini yambirimbiri.

Ngati ndalama za matenti zikuvuta, ine ndingasankhe maulendo a tsiku limodzi obwerezabwereza, popeza mwanena nokha kuti vuto lanu ndi Loweruka lililonse. Dera la Chongoni lili ndi malo 127 a zojambula zakale za pamiyala, zimene bungwe la UNESCO linaziika m'kaundula wake wa malo ofunika kutetezedwa pa dziko lonse lapansi mu 2006, ndipo malo monga Chentcherere ndi Mphunzi mungathe kukawaona n'kubwerako dzuwa lisanalowe.

Wotsogolera gulu, Dedza boma

Zikomo kwambiri nonse. Tiyamba ndi Chentcherere mwezi uno, ndipo za kugona kuphiri tikambirana tikaonana ndi a zankhalango. Mayi namwino, awiri mwa anyamata athu akumwabe tsiku ndi tsiku, ndiye ndikufuna kudziwa ngati ndingawaperekeze kuchipatala ndekha kapena pafunika m'bale wawo.