Alendronate pa fupa la m'chiuno, ndigule kapena ndisiye?

Wandodo: Abale ndithandizeni maganizo. Andipeza ndi avascular necrosis, akuti magazi sakufika kumutu kwa fupa la ntchafu lija lolowa m'chiuno ndiye likufa pang'onopang'ono, chifukwa chake akuti ndi prednisolone amene ndinamwa nthawi yaitali. Adokotala atchula alendronate, piritsi la 70 mg kamodzi pa sabata koma anena okha kuti sakulonjeza. Ndigule kapena ndalamayo ndisungire opaleshoni?

Mayi wa awiri: Pepani achimwene. Koma fupalo laphwanyika kale kapena likadali lozungulira? Nkhani yonse yagona pamenepo

Wandodo: X-ray sinaonetse zambiri, makina ounika mkati mwa thupi a MRI ndi amene agwira. Akuti silinaphwanyike

Wokayika: Ine ndiye ndikuti musataye ndalama. Mng'ono wanga ali ndi matenda a magazi aja a sickle cell, nayenso fupa lake linayamba kufa, anamwa alendronate miyezi ndi miyezi koma mapeto ake anamuika chiuno chachitsulo basi. Mankhwalawa anapangira mafupa ofooka a osteoporosis, sabweretsa magazi ayi

Namwino wopuma: Zoona sabweretsa magazi, ntchito yake ndi kuchedwetsa maselo amene amadya fupa kuti mutu uja usagwe msanga. Kafukufuku wina anaonetsa kuti amathandiza, wina sanapeze kusiyana, nchifukwa chake adokotalawo sakulonjeza. Fupa likagwa kale palibe piritsi lolidzutsa, mwina mng'ono wanuyo anayamba mochedwa

Mayi wa awiri: Ine ndimamwa ndipo kamwedwe kake nkovuta eti, m'mawa m'mimba mulibe kanthu, madzi tambula yodzadza, kenako mphindi 30 osagona osadya. Tsiku lina ndinabwerera m'bulangete, chilungulira chake ndinalapa. Ululu wa pamphechepeche unachepako koma sindingalumbire kuti ndi piritsilo chifukwa ndinayambanso kuyendera ndodo

Namwino wopuma: Ndipo muonetse mano kaye musanayambe, nthawi zina ngakhale si kawirikawiri amavutitsa fupa la nsagwada makamaka mukazula dzino. Impso ayezenso, calcium ndi vitamin D. Mowa ndi fodya siyani kaye

Wokayika: Ndiye mukuti agule?

Namwino wopuma: Poti silinagwe ndipo adokotala alemba, ayese, koma afunsenso za core decompression, ija amaboola fupa kuti kupanikizika kwa mkati kuchepe, imagwira bwino nthawi ngati ino. Ndalama yonse isathere ku mapiritsi

Wandodo: Zikomo, ndigula a mwezi umodzi kaye. Prednisolone ndingosiya?

Namwino wopuma: Ayi ayi! Ameneyo sasiya mwadzidzidzi, adokotala azikuchepetserani pang'onopang'ono