Zoti ultrasound imatsegula mankhwala a khansa pachotupa pomwepo nzoona?

Nambewe92:
Abale ndithandizeni. Mayi anga aang'ono ali pa chemo ndipo mmene yawafoolera zikundipweteka mtima, tsitsi lathothoka, chakudya sichikulowa. Ndamva kuti kuli njira yoti mankhwala amawatsekera mu tinthu ting'onoting'ono totseguka pokhapokha akaloza ultrasound pachotupa. Ndi yomweyi ya sikani ya oyembekezera? Zimatheka bwanji?

AchimweneWaLab:
Pepani achemwali, mayi apeze bwino. Nzoona koma zambiri zikadali pa kafukufuku. Mafunde ake ndi omwewo kungoti awa amakhala amphamvu ndipo amawasonkhanitsa pamalo amodzi, ngati mmene galasi limasonkhanitsira dzuwa mpaka pepala kupsa. Mankhwala monga doxorubicin amawaika mu timatumba ta mafuta totchedwa liposome, tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ndiye timayenda m'magazi tili totseka koma tikafika pomwe atenthetsa pang'ono kupitirira madigiri 40 khungu lake limafewa mankhwala nkutayikira pomwepo. Doxorubicin ameneyu akachuluka m'thupi amawononga mtima, nchifukwa chake nkhaniyi ndimaitenga kuti ndi yayikulu. Ku Oxford anayesa pa odwala 10 a zotupa za m'chiwindi, zotsatira zinatuluka 2018, mankhwala ofika m'chotupa anachuluka pafupifupi kanayi.

Dalo_M:
Palinso ina yosadalira kutentha. Amabaya timathovu ta mpweya mumtsempha, ultrasound ikatigunda timatukumuka nkuphwa mwachangu mpaka makoma a timitsempha amatseguka kwakanthawi mankhwala nkudutsa. Ku Sunnybrook, Toronto, mu 2015 anatsegula nayo chotchinga chomwe chimaletsa mankhwala ambiri kulowa mu ubongo, opanda opaleshoni.

MayiNamwino:
Zonsezi nzoona koma tisamupatse mwanayu chiyembekezo chopitirira. Anthu 10 ndi ochepa kwambiri, ndipo mankhwala kuchuluka m'chotupa sindiye kuti munthu wachira. ThermoDox, doxorubicin wa m'timatumba yemwe anagwiritsa ntchito ku Oxford uja, atamuyesa pa odwala ambiri a khansa ya chiwindi, potenthetsa ndi singano osati ultrasound, sanaonetse phindu lomwe ankayembekezera. Komanso mafundewa amavutika kudutsa fupa ndi mpweya ndiye nthiti ndi mapapo zimasokoneza, ndipo khansa ikamwazikana thupi lonse muloza pati? Mwanawe, mayi asasiye chemo. Zoti sakudyazo uzani adokotala msanga, alipo mankhwala oletsa nseru.

Nambewe92:
Zikomo kwambiri nonse. Mayi, za nseruzo ndikawauza adokotala mawa. Achimwene, nanga timatumba tomwe sitinafike pachotupa timathera kuti?

AchimweneWaLab:
Tambiri timatoledwa ndi chiwindi ndi kapamba (spleen), tina timadontha mankhwala pang'onopang'ono tikadali m'magazi, ndiye zovuta za chemo sizitheratu ayi.